Khangaza la Kamanzere

Wokondedwa mwana wanga,

Ndayamba ndi moni kwa iwe, kwa mkamwini wanga, ndi kwa kamdzukulu kanga kaja ndimangokaonera pa foni. Kaya muli bwanji kumeneko? Chifuwa chija unkadandaula chinakusiya? Uzivala zofunda, iwe sunayambe wagwirizanapo ndi mphepo chibadwire.

Kuno tilipo ndithu. Mawondo anga ndi omwe aja, amayamba kulankhula ine ndisanadzuke. Mankhwala a bambo ako unatumiza aja anafika, ndipo akumwa, ngakhale masiku ena ndimachita kuwanyengerera ngati khanda.

Udabwa kuti bwanji ndalemba kalata pamene foni ilipo. Pa foni ndikangomva mawu ako ndimayamba kunama. Papepala sundidula mawu, ndiponso sindikumva ukulira. Mbewa ya manyazi inafera kudzenje, ndiye lero ndinena zonse.

Lamulungu lapitali unaimba, ndipo ndinawapatsa foni bambo ako. Unawapatsa moni, iwo n’kukuyankha kuti mwalakwitsa nambala mayi, mwana wanga ali konkuno. Ndinalanda foniyo msanga n’kukuuza kuti ndi mankhwala awasokoneza. Si mankhwala ayi. Amene anachititsa zimenezi ndi ine mayi ako.

Ukudziwa kuti matenda oiwalawa anawatsitsa pamakwerero. Munthu amene analemba zikwangwani za msewu wathu wonse, kuyambira kwa ometa mpaka kokonzetsa mawotchi, anafika popita m’mawa kukapaka utoto woyera pachikwangwani chimene anamaliza dzulo lake, ati chakalamba. Wometa uja anabwera nawo kunyumba atawagwira pamkono, osakalipa n’komwe. Kungoyambira pamenepo maburashi ndinabisa.

Atasowa chochita anayamba kuzungulira m’nyumba ngati nkhuku yofuna poikira. Adokotala anandiuza kuti mutu ukamaiwala, manja amatsalira kukumbukira, choncho ndiwapezere kantchito kamene manja awo akukadziwa.

Ndinasesa chipinda chakumbuyo chija munkakhala zitini za utoto. Ndinaikamo mabenchi awiri, thebulo lakale lodulirapo matabwa, ndi kampando kako kaja kapazenera. Kenaka ndinayenda m’makomo kupempha ana kuti Loweruka lililonse azibwera kudzaphunzira kujambula.

Mwana wanga, ukanawaona Loweruka loyamba. Anavala ovolosi yawo yamadontho ija, pensulo kukhutu, msana njo. Anandituma kumsika kuti ndikagule khangaza, ati mwana wojambula amayambira pamenepo. Ana ambiri anali asanalionepo. Wina anati ndi anyezi wovala chipewa, wina anati kwawo amalitchula chimanga cha chizungu, ndipo bambo ako anaseka mpaka kutsokomola.

Phunziro lake ndi lomwe lija unakula nalo. Mwana aliyense atsinzine, aligwire khangazalo, alizungulize m’manja. Akafunsa kuti ndi lozungulira ngati mpira, ana onse amakuwa kuti inde, iwo n’kuwauza kuti manja anu ndi abodza. Khangaza lili ndi mapewa, lili ndi nthiti, lili ndi mbali imene linagonera dzuwa. Wojambula mpira apite kubwalo.

Amayambitsa ndi kachisoti kapamwamba kaja, mano ake osafanana, lina lopindika, lina lothyoka. Chofufutira salola. Ati mzere wolakwika ndi umene umakuuza pamene wolondola ukhale. Pofiira amayamba ndi chikasu pansi, ndipo pakhungu amasiyitsa kamalo koyera, kamene amati ndi zenera lathu lino likudziyang’ana pachipatso.

Ine ndinkaima pakhomo ndi thireyi ya makapu, mtima uli m’malo. Munthu amene m’mawa womwewo anandifunsa kumene kuli bafa m’nyumba yake yomwe, apa sankaphonya ndi liwu limodzi lomwe. Dzina langa analitaya kale. Masiku ano ndine mayi wa tiyi. Ndinakhala nawo zaka zonsezi n’kuwaberekera mwana, malipiro ake ndi udindo wa tiyi.

Ukukumbuka kuti phunziroli lili ndi mbali yachiwiri, imene ana amaikonda. Khangaza salidula pakati ngati lalanje. Amalemba khungu ndi nsonga ya mpeni motsata nthiti zija, n’kulikanula ndi zala zazikulu, kuti zipinda zam’kati zioneke ndi makoma ake oyera, njere zili waliwali. Ana amajambula zam’katizo, akatha n’kugawana kudya.

Ukukumbukanso lamulo lawo. Khangaza siliswedwa mpaka aliyense atakhala pampando wake, chifukwa likatseguka limayamba kufota, ndipo wochedwa angajambule chinthu chakufa.

Tsono Loweruka loyambalo, ana atamaliza kunja kwa chipatso, bambo ako anatenga mpeni n’kuyang’ana pazenera. Kampando kako kanali kopanda munthu. Anabwezera mpeni m’thumba, n’kuwauza ana kuti tidikire pang’ono, Kamanzere wachedwa.

Dzina limenelo ndinali ndisanalimve kuyambira pamene unavala yunifolomu ya unamwino. Thireyi inatsala pang’ono kundipulumuka.

Anawafotokozera anawo za iwe ngati wangotuluka kukagula machesi. Ati ndi mwana wamanzere, kusukulu aphunzitsi ankamumenya kadzanjako ndi rula mpaka ndinapita kukawafunsa ngati dzanjalo ndi lawo. Ati mpando uwu ndi wake chifukwa wamanzere kuwala kuyenera kumudzera kumanja, apo ayi dzanja lake lomwe limamutchingira. Ati mukamuona mudzamudziwa, amapendeketsa pepala, amatulutsa kalilime, ndipo m’mphepete mwa dzanja lake mumakhala bii ndi pensulo.

Anadikira mpaka ana anayamba kuitanidwa kwawo. Khangazalo analiika pazenera.

Loweruka lotsatira anali ataiwala kuti anaphunzitsapo. Ananditumanso kumsika, anafunsanso ana ngati khangaza ndi lozungulira. Ana aja, Mulungu awadalitse, anayang’anizana n’kukuwa kuti inde, kuti agogo apeze powauza kuti manja awo ndi abodza. Pofika pampeni, Kamanzere wachedwa.

Zinapita choncho mpaka khoma lonse linadzaza zithunzi za makangaza otseka. Pazenera napo panandandalika enieniwo, ouma gwa, akuda ngati zigaza. Bambo wina anandiseka pamsewu kuti kodi sukulu yanuyi ili ndi kalasi imodzi yokha, ana athu adzakhoza liti kupita ku nthochi. Ndinaseka nawo, koma ana anayamba kuchepa.

Kuchepa kwa ana sikunandiopse kwenikweni. Chinandiopsa ndi zimene zinkatsatira ana akapita. Bambo ako ankakaima pageti, mpeni m’thumba, kufunsa aliyense wodutsa ngati waona kamtsikana kovala juzi yobiriwira. Chakudya ankakana, ati adya mwana akabwera.

Ndinayesa kuwauza zoona. Ndinati mwana wanu anakula, ndi namwino, anakwatiwa, ali kutali. Tsiku lina anandiseka, ati mwana wosatha kumanga zingwe za nsapato angakwatiwe bwanji. Tsiku lina anandikhulupirira, ndipo analira ngati ndawauza za maliro, kufunsa kuti anamulola ndani kupita osatsanzika. M’mawa mwake anali ataiwala, n’kufunsanso. Ndinaona kuti ndikungowapha tsiku ndi tsiku ndi nkhani imodzi yomweyo.

Kenaka Loweruka lina ndikutsuka makapu anatuluka. Anapita kukakutenga kusukulu yako yakale, imene pano ndi mosungira matayala. Ndinazungulira misewu ndikuitana ngati wamisala. Anabwera nawo ndi kondakitala wa basi dzuwa litapendeka, nsapato imodzi palibe, chipumi chili magazi. Anawapeza atakhala pamulu wa matayala, ati akudikira belu.

Izi sindinakuuze. Unkaimba utatopa, utagwira ntchito yosambitsa ndi kudyetsa makolo a eni ake, ndiye ndinkati ndikusenzetserenji katundu wina. Ndinasowa mtengo wogwira, ndipo nzeru imene inandibwerera ndi imene ndikuchita nayo manyazi lero.

Pa ana otsalawo pali kamtsikana ka telala wa pakona uja. Anzake amakatcha Kasingano chifukwa ndi kowonda ndiponso kakuthwa pakamwa. Bambo ake sikawadziwa. Msinkhu wake ndi womwe uja unali nawo pamene unkakhala pakampandoko.

Ndinapita kwa mayi ake, telalayo, n’kuwafotokozera zonse. Anaimitsa makina osokera, kenaka anati mwana wa mnzako ndi wako yemwe, mutengeni ngati zingathandize akuluwo.

Ndinayamba kumuitanira kukhitchini akaweruka kusukulu. Ndinamuphunzitsa kugwira pensulo ndi dzanja lamanzere, iye ali wamanja. Ndinamuonetsa mmene unkapendeketsera pepala, mmene unkapindira mwendo umodzi pansi pako, ngakhale kalilime kaja. Ankaseka, ati agogo mukundiphunzitsa kujambula kapena kuchita sewero. Ine ndinkasekanso. Ndinkatola zako zonse zimene ndinasunga mumtima n’kumaveka mwana wa eni.

M’mawa wa Loweruka ndinatenga pensulo n’kumupaka m’mphepete mwa dzanja mpaka munada. Ndinachita ndi manja angawa.

Ana anajambula kachisoti, mapewa, kazenera koyera. Bambo ako atatulutsa mpeni n’kutembenukira kuzenera, Kasingano anali atakhala pampando wako, pepala chopendekera, mutu pansi.

Sanamuyang’ane kumaso. Anapita n’kumugwira dzanja, kulitembenuza, kuona kuda kuja. Anapukuta ndi chala chawo chachikulu monga ankachitira ndi iwe. Kenaka anamuuza motsitsa mawu kuti wachedwatu mwana wanga, anzako atopa n’kudikira.

Ndipo analiswa khangaza. Manja amene amalephera kumanga mabatani analemba khungu lija mosaphonya nthiti ndi imodzi yomwe, n’kulikanula. Ana anakuwa ngati aona matsenga. Anawauza kuti musajambule njere zonse, mungakalambire pomwepo, jambulani zimene zakuyang’anani, zinazo diso lidzamaliza lokha. Atatha anagawira aliyense m’manja, chigawo chachikulu n’kupatsa wa pazenera.

Tsiku limenelo anadya mpaka kupempha china. Pageti sanapiteko. Ine ndinalowa m’bafa n’kuthokoza Mulungu ndikulira, ndikuganiza kuti ndachita zanzeru.

Sindinadziwe kuti ndatseka chitseko iwe uli panja.

Kale ankakufunsa kuyambira m’mawa mpaka madzulo, ndipo ndinkatopa nako kufunsako. Lero ndingapereke chilichonse kuti ndikumvenso. Safunsanso, chifukwa mwana wawo anabwera. Akamva mapazi a Kasingano pakhonde nkhope imawala, amamusungira maswiti m’thumba la ovolosi, amamukalipira akayenda wopanda juzi.

Ndinayesa kukonza. Ndinatsitsa chithunzi cha ukwati wako pakhoma n’kuwaonetsa, ndikuti uyu ndiye Kamanzere weniweni. Anachiyang’anitsitsa, n’kundifunsa ngati mwini wake akufuna chijambulidwe pachikwangwani, ndipo akufuna zilembo zamtundu wanji. Ndinati ndi mwana wanu. Anandiyang’ana mwachisoni n’kunena kuti mayi wa tiyi, mukapume, mwatopa.

Poyamba mumtima mwawo munali malo ako opanda munthu, ndipo ankawalondera usana wonse. Malowo ndinaikapo wina ndine. Madzi akatayika saoleka, mwana wanga, koma amene anagwetsa ndowa ndikumudziwa.

Usamude Kasingano. Mwanayo anangochita zimene wamkulu anamuuza. Tsiku lina ndikumupaka pensulo anandiuza kuti agogo musavutike, dzanja likumada lokha tsopano. N’zoona, wazolowera, mpaka aphunzitsi ake akudandaula kuti wayamba kulembera kumanzere. Anandifunsanso kuti mwini mpando akadzabwera, iye adzaloledwa kumangobwera kudzaitanidwa kuti mwana wanga ngakhale kamodzi. Ndinaona kuti ndavulaza ana awiri ndi mwala umodzi.

Tsono imva chimene chandilembetsa kalatayi. Nyumba ya pakona ija yagulitsidwa, ndipo telala akusamuka kutha kwa mwezi uno, kupita kwa mchemwali wake kutali. Makina anamanga kale m’makatoni. Kasingano apita nawo, ndipo palibe chimene ndinganene, mwana ndi wawo.

Mpando uja ukhalanso wopanda munthu. Bambo ako adzabwezera mpeni m’thumba, adzakaima pageti, adzapitanso kumatayala kuja. Koma ulendo uno adzakhala akufuna mwana amene si iwe, ndipo ine miyendo yothamangira pambuyo pawo ndilibe. Kuphunzitsa mwana wina bodza lomweli sindingathenso.

Pali mawu amene ananena Lamulungu lija utadula foni, amene sindinakuuze. Anandifunsa kuti mayi ankalira pa foniyo ndi ndani. Ndinati ndi munthu amene amakukondani. Anati akumveka ngati munthu amene sanaphunzitsidwepo kujambula, mumuuze abwere Loweruka, mapepala alipo. Kenaka anawonjezera kuti koma adzakhale kubenchi yakumbuyo, mpando wa pazenerawu uli ndi mwini wake.

Ndiye ndakuuza, monga anandituma. Bambo ako akukuitana Loweruka, kubenchi yakumbuyo.

Ndikudziwa kuti tchuthi sapatsa wamba, ndikudziwa kuti ulendo ndi wautali ndipo mwana ndi wamng’ono. Zaka zonsezi ukafunsa ndinkati tili bwino, usavutike. Lero ndikuti vutika. Sindikupempha mankhwala kapena china chotumiza. Ndikupempha dzanja lako lamanzere, ubwere nalo wekha Kasingano asanapite.

Sindikulonjeza kuti adzakudziwa. Ndanama kokwanira. Nkhope yako sadzaidziwa, mawu ako anawakana kale. Mwina udzayenda ulendo wonsewo kuti bambo ako akupatse pepala n’kukufunsa kuti ndinu mayi wa mwana uti.

Koma dzulo ndinakakhala pabenchi yakumbuyoyo ndekha, ndinagwira pensulo kumanzere kuti ndione. Kuwala kumeneko kumadzera kolakwika. Dzanja limagwetsa mthunzi papepala, munthu osaona chimene akujambula. Bambo ako aiwala dzina langa, aiwala njira ya kwawo, koma sindikhulupirira kuti angapirire kuona wamanzere akujambula mumthunzi wa dzanja lake. Mwina adzaima pambuyo pako n’kufunsa kuti wakukhazika apa ndani. Mwina adzakugwira dzanja n’kulitembenuza.

Mwinanso sadzayang’ana kumbuyo n’komwe. Maso awo amathera pazenera.

Chiyembekezo changa chonse ndi chimenecho, kamthunzi ka dzanja. Ndikudziwa kuti n’chochepa, koma china ndilibe.

Nyengo ya makangaza ikutha. Mayi amene ndimagula kwa iye kumsika wati sabweretsanso mpaka chaka chamawa, ndipo adokotala akamanena za chaka chamawa sandiyang’ana m’maso. Ndagula limodzi lomaliza, lalikulu, lamapewa abwino, kachisoti kake dzino limodzi lothyoka. Ndalikulunga m’nsalu n’kulibisa pansi pa kabati, kumene bambo ako safikako. Limatha kudikira, koma osati mpaka kalekale. Aja a pazenera anandiphunzitsa.

Ngati wandikwiyira, uli ndi chifukwa. Udzandikalipire uli pano, ndidzakhala pansi n’kumvetsera. Ndinapereka mpando wako osakufunsa, ndipo sindikudziwa ngati ndingathe kukubwezera.

Undiperekere moni kwa mkamwini wanga, umuuze kuti ndikupempha andibwereke mkazi wake. Kamdzukulu kanga ukapsompsone, ndipo ukaona kakutola supuni ndi dzanja lamanzere, usakaletse. Azakhali ako akupereka moni, wometa uja nayenso amakufunsa nthawi zonse.

Mulungu akusunge, akutsegulire njira, ndipo akufikitse khangazali lisanaume.

Ndine mayi ako,
amene bambo ako amati mayi wa tiyi.